Sikelo ya Achimwene

Achimwene anga sagulitsa mankhwala a mwana asanamuyeze. Funsani aliyense mumsewu wathu, akuuzani. Mungalowe mufamase yawo mukuthamanga, mwana ali kumsana akulira, basi ikukuimbirani hutala panja, iwo amangokuyang'anani pamwamba pa magalasi n'kuloza pakona. "Akwere pasikelo kaye." Mukanena kuti mwanayo mwamusiya kunyumba, ndiye mwaziputa, chifukwa mafunso ake ndi aupolisi: ali ndi zaka zingati, kuchipatala anamuyeza liti, anapeza makilo angati, thupi layamba liti kutentha, akudya kapena ayi. Amayi ena amatuluka akung'ung'udza kuti bola kugolosale komwe amangokupatsa osafunsa, koma mawa lake mudzawapeza ali pamzere womwewo. Ana asukulu anawapatsa dzina loti Asikelo, ndipo linawakhala moti ngakhale akuluakulu amawaitana choncho.

Ine ndimaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ya pulayimale imene ili kumapeto kwa msewu womwewo. Chimfine chikagwa chimayambira kwa ine n'kukathera kwa iwo. Mwana mmodzi akayetsemula Lolemba, pofika Lachisanu kalasi yonse imakhala ikufwenthera, ndipo mzere wa kufamase umafika pakhonde. Achimwene amati ndimawapezera makasitomala. Ine ndimawayankha kuti andilembe ntchito ndizilandira kawiri.

Achimwene ali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ali wamng'ono ankayenda ndi kasupuni kapulasitiki komwera mankhwala kulikonse, kugona nako, kusamba nako, ndiye bambo ake anayamba kumuitana kuti Kasupuni. Chimene ankachiopa padziko lapansi chinali sikelo ija. Ndi yachitsulo, yakalekale, ndipo munthu akakwera singano yake imayamba yanjenjemera isanaime. Mwanayo akaona singano ikugwedera ankakuwa ngati wapondedwa. Achimwene anapeza nzeru yawo. Ankakwera okha n'kuwerenga, kenako n'kumunyamula, n'kukweranso naye, n'kuchotsera. Samu yokhayo ndi imene ndinawaona akuikonda chibadwire.

Banja lawo linatha mwanayo atangoyamba Sitandade 1. Sindinena kuti analakwa ndani, chifukwa ndikayamba sitimaliza lero, komanso mmodzi mwa awiriwo ndi m'bale wanga wa bere limodzi. Alamu anapeza ntchito kumzinda wakutali, anatenga mwana n'kupita. Poyamba foni zinkalira Lamlungu lililonse ndipo Kasupuni ankalongolola mpaka foni kutha moto. Kenako mayankho anafupika. "Eya." "Ayi." "Ndili bwino." Kenako anayamba kuthawa foniyo, amayi ake n'kumati akuchita manyazi. Zaka zinayi zinatha choncho.

Chaka chino alamu anabwerera. Anapeza ntchito kufakitale yosoka zovala kutsidya kwa tauni, ndipo mwana anadzamulembetsa pasukulu yathu chifukwa kuli ine, azakhali ake. Tsiku lomulembetsalo anandikokera kuseri kwa ofesi.

"Alamu, chinthu chimodzi chokha," anatero. "Mwanayu musamukoke. Ine sindikumuletsa, koma adzapita yekha kwa bambo ake akadzafuna. Muwauzenso achimwene anu asabwere kudzaima pageti."

Ndinawauza, ndipo achimwene anavomera. Iwo akavomera chinthu amavomera ngati mwala. Mwanayo amabwera pa minibasi ya ana asukulu imene imaima kugeti lakumbuyo, ndiye pafamase sadutsapo. Teremu inafika pakati bambo ndi mwana atalekanitsidwa ndi msewu umodzi, woti munthu akhoza kuyenda tiyi asanazizire, koma osaonana.

Zimenezi zinkandipweteka mtima, ndipo ndisabise, zinkandikwiyitsanso. Belu loweruka likalira, achimwene ankatuluka ndi kansanza kukapukuta galasi la pawindo. Galasi limenelo linkapukutidwa tsiku ndi tsiku moti ntchentche zinkaterera. Maso awo ankakhala pa mayunifomu odutsa, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti wawo sali pamenepo. Ine ndikamadutsa ankandiimitsa.

"Achemwali, wabwera lero?"

"Wabwera."

"Sakutsokomola? Kunjaku kwazizira, wavala juzi?"

Tsiku lina ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse chithunzi cha kalasi yanga. Anatembenuza nkhope. "Chotsani. Ndidzamuona ndi maso." Ndinawauza kuti makani awowo adzawapha, iwo anabwerera kukawerenga mapiritsi.

Kasupuni nayenso ndi mwana wa bambo ake. M'kalasi amakhala pafupi ndi windo, sayankhulayankhula, samu amakhoza moti anyamata amamuda. Pamaso pa anzake ndine madamu, tikakhala awiri ndine azakhali. Ndikangotchula bambo ake ankayang'ana nsapato zake mpaka ine ndisinthe nkhani. Ndinaganiza kuti wawakwiyira, ndipo sindinamufunse.

Linali Lachitatu m'mawa, chimfine chili pachimake. Ndinali pabolodi ndi choko, theka la kalasi likutsokomola, theka linalo likubwerekana mipango. Mtsikana amene amakhala naye desiki imodzi anakweza dzanja.

"Madamu, mnzangayu akutentha ngati simbi."

Kasupuni anali atagoneka mutu pa kope. Nditamugwira pachipumi ndinamva ndithu kuti thupi latentha, maso ali psuu, mphuno yatsekeka. Anati mutu ukumuwawa kuyambira atadzuka, koma sanawauze amayi ake poopa kuti ajomba kuntchito. Ndinasiyira kalasi monitala, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikapeza msika, ndipo ndinamutengera kuofesi ya ahedi.

Ahedi athu ndi mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, analera ana ambiri awo ndi a abale, ndipo belu la sukulu amalisunga patebulo pawo ngati angaliberedwe. Anamugoneka mwanayo pabenchi, anamufunditsa nsalu yawo, n'kumuika kathawulo konyowa pachipumi.

"Lamulo mukulidziwa, madamu," anatero. "Mwana sapatsidwa mankhwala pasukulu pano kholo lisanavomere. Aimbireni amayi ake."

Ndinaimba, foni inali yozima. Kufakitale kuja amasiyitsa mafoni pakhomo ndipo amawatenga poweruka. Ndinaimbanso podziwa kuti ndikutaya nthawi.

"Nanga bambo ake kulibe?" anafunsa ahedi.

"Alipo. Ndi Asikelo."

Ahedi anandiyang'ana ngati ndalephera funso la Sitandade 1. "Bambo ake ali ndi famase yonse pamsewu pomwepa, inu mukulimbana ndi foni yozima? Kholo ndi kholo. Thamangani."

Ndinathamangadi, mayi wamkulu ndi msinkhu wanga, choko chili mbuu m'manja. Ndinapeza achimwene ali ndi mayi wina wachitsikana amene mwana wake ankatsegula m'mimba. Anali atamuyeza kale mwanayo, ndipo ankamufotokozera mayiyo kasungunulidwe ka mankhwala aufa aja obwezeretsa madzi m'thupi: madzi akhale owiritsa, botolo lidzaze mpaka apa, azimwa pang'onopang'ono, akafooka kapena akakana kuyamwa musadikire, pitani kuchipatala. Anamuuza kuti abwereze zimene wamva, mayiyo anabwereza, ndiye anamulola kupita. Ine ndinali nditaima pamenepo ndikupuma ngati galu.

"Achimwene, Kasupuni wadwala. Thupi latentha, mutu, chimfine. Ali kwa ahedi. Alamu sakupezeka pafoni."

Sindinawaonepo achimwene akufulumira chotero. Anatembenukira kushelefu, anatambasula dzanja osayang'ana n'komwe, n'kutsitsa botolo la mankhwala amadzi oziziritsa thupi, ofiira aja otsekemera. Anatenga kakapu koyezera, anakajambula kamzere ndi cholembera, analemba pa kapepala n'kumata pabotolo.

"Afike pakamzerepa, osapitirira. Amakonda ofiirawa, oyera aja amalavula. Mumupatse madzi ambiri. Thupi likapanda kuzizira pofika madzulo, amayi ake apite naye kuchipatala akamuyeze magazi." Anandigwira mkono. "Akulira?"

"Sakulira."

"Akamamwa mumugwire kachibwano, amatayira pamalaya."

Anandiperekeza mpaka pakhomo, phazi limodzi linatuluka panja, kenako analibweza. Ndinawasiya ataima pamenepo, atagwira chitseko.

Ine ndi kuthamanga kwangako sindinaone cholakwika chilichonse. Anachiona ndi ahedi. Anakweza kakapu kaja kuwindo, anayang'ana kamzere, anayang'ana mwana amene miyendo yake inali itatulukira kunja kwa benchi.

"Madamu, mwawauza kuti wadwala ndani? Muyezo uwu ndi wa mwana wa kunazale. Uyu ndi mtsikana wamkulu, akamwa apa ndiye ngati wangonyambita."

Kasupuni anadzuka pang'onopang'ono, kathawulo kanagwera pamiyendo. Anatenga botolo lija m'manja mwa ahedi n'kuwerenga kapepala. Pamalo olemba dzina la wodwala bambo ake sanalembe dzina la m'kaundula. Analemba kuti Kasupuni. Analiyang'ana nthawi yaitali, akulitembenuza, mankhwala ofiira akuyenda m'kati.

"Ine ndinasiya kalekale mankhwala amadzi," anatero motsitsa mawu. "Ndimameza mapiritsi."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Azakhali, anafunsa kuti ndimalemera bwanji?"

"Ayi, sanafunse."

"Koma amafunsa aliyense."

Ndinadabwa kuti akukumbukira. "Amafunsadi aliyense, mwanangu. Lero sanafunse."

Anaika botolo pabenchi, n'kuyang'ana nsapato zake monga mwa masiku onse. Koma ulendo uno anayankhula.

"Akuganiza kuti ndikadali kamwana. Ndiye akandiona sandidziwa. Ndikalowa adzangoti, mukufuna chiyani mtsikana."

Apa m'pamene ndinamvetsa. Miyezi yonseyi ine ndinkati mwana wakwiya, pamene mwana ankaopa. Ankaopa kukaima pakauntala pa bambo ake ndi kufunsidwa ngati mwana wa eni ake. Chifundo chinandigwira. Ndinafuna kumuuza za galasi lopukutidwa tsiku ndi tsiku lija, koma ndinaona kuti mawu anga sangamuthandize, popeza si ine amene ankafuna kuti ndimudziwe.

Ahedi anatsokomola, anasuntha belu lawo, analibwezanso pamalo pake. "Chabwino," anatero. "Muyezo woyenera sitiudziwa ife. Madamu, bwererani mukawauze kuti mwana ndi wamkulu."

"Akafunsa makilo," anatero Kasupuni. "Inu mukuwadziwa?"

Sindinkawadziwa. Ahedi sankawadziwa. Iye mwini sankawadziwa.

Kenako anapinda nsalu ya ahedi bwinobwino n'kuiika pabenchi. "Tiyeni akandiyeze."

Ndinakumbukira mawu a alamu kuseri kwa ofesi kuja, ndipo ndinamufunsa kawiri ngati akufunadi. Anati eya, n'kutenga botolo lija. Sindinamukoke, ahedi ndi mboni. Zotsalazo ndinati ndikawafotokozera alamu madzulo.

Tinatulukira geti lakutsogolo, limene iye anali asanadutsepo. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa mutu unkamuwawa akaponda mwamphamvu. Tinadutsa pa telala, pa wokonza mafoni, pa shopu ya mabuku. Iye ankayang'ana chilichonse, ndipo pa telala anaima n'kunena kuti pamenepa kale panali ometa. Ndinati n'zoona. Titayandikira famase anandigwira dzanja, dzanja lake likutentha.

"Azakhali, inu mutsale panja. Akakuonani adziwa kuti ndine. Ndikufuna ndilowe ndekha."

Ndinaganiza kuti bwanji achimwene akalephera? Munthu amene wakana ngakhale chithunzi, amene m'mutu mwake muli kamwana ka mano ogweluka, akaona mtsikana wamtali wa yunifomu yofanana ndi mazana ena amene amadutsa pamenepo? Akangoti "mukufuna chiyani mtsikana," mwanayu sadzapondanso pakhomo limeneli. Ndinafuna kuthamanga kukawanong'oneza, koma mwanayo anali kundiyang'ana m'maso. Ndinamusiya. Ndinakaima pawindo, pakati pa chithunzi cha mankhwala otsukira mano ndi cha katemera, n'kumasuzumira pagalasi loyera bwino lija.

M'katimo munali agogo ena aakazi atakhala pampando kudikira mankhwala awo a miyendo. Achimwene anali ataweramira pathireyi, akuwerenga mapiritsi ndi kampeni kawo kopanda mano. Ndinaona kuti awerenga, asokoneza, abwezera, ayambiranso. Kasupuni analowa, botolo atalibisa kumbuyo, n'kuima pafupi ndi kauntala. Chitseko chinali chotsegula ndipo ndinkamva zonse.

Achimwene anaona yunifomu ndi kona ya diso, osadzutsa mutu. "Takulandirani. Ngati wodwala ndi inu, kwerani pasikelo, ndikubwera."

Mwanayo sanasunthe. Anaima phazi limodzi litaponda linzake, mmene ankaimira ali wamng'ono akalakwa.

"Pakona apo," anatero achimwene. Atamva kuti palibe phokoso la chitsulo, anadzutsa mutu n'kuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Anayamba kuyang'ana m'munsi, pamene pamathera kauntala, pomwe mutu wa mwana wawo unkafika. Pamenepo anapeza lamba wa yunifomu. Maso anakwera, anadutsa kolala, anafika pankhope, anatsikanso mpaka kumapazi opondana aja. Kampeni kanagwera m'thireyi ndipo mapiritsi a agogo anabalalika pakauntala, ena anagubuduka mpaka pansi.

"Kasupuni."

Sanafunse, anangotchula. Mwanayo anatulutsa mpweya umene ndikukhulupirira anaugwira kuchokera kugeti. Ine panja paja ndinapukuta maso ndi dzanja la choko, moti ndinalowa nkhope ili mbuu.

Achimwene anazungulira kauntala, anafika pafupi, n'kuima. Manja sankadziwa kopita. Anamugwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja monga amachitira ndi mwana aliyense, koma dzanjalo linakhalitsa pamenepo. Kasupuni anatulutsa botolo lija n'kuwapatsa.

"Ahedi akuti ndi a mwana wa kunazale."

Anayang'ana kamzere kawo, anayang'ana mwana, anavula magalasi. "Akunena zoona ahedi. Ndalakwitsa." Anaika botolo pakauntala. "Sindinafunse. Ndimaganiza kuti ndikudziwa."

"Ndimameza mapiritsi tsopano, ababa."

"Mapiritsi," anabwereza achimwene, ngati wawauza kuti wakwatiwa. "Chabwino. Chabwino. Tiyeze kaye. Kwera, singano ija ndi yomwe ija koma siluma."

Kasupuni anayang'ana sikelo. Mtsikana wa Sitandade 5, wokhoza samu kuposa anyamata, sangaope kasingano. Anayandikira, anaika nsonga ya nsapato pachitsulo, singano inagwedera, iye anabweza phazi.

"Ndimaiopa," anatero, osayang'ana munthu. "Muyambe inu."

Achimwene anamvetsa msanga kuposa ine. Anakwera okha, singano inanjenjemera n'kuima. "Achemwali, werengani." Ndinawerenga n'kusunga mumtima. Anatsika.

Ndinati ndiwakumbutse za msana wawo, umene umawavuta moti katoni ya mabotolo amaitanira wina kuti awanyamulire. Agogo aja anandikodola ndi ndodo yawo kuti ndikhale chete. Achimwene anawerama, analowetsa dzanja limodzi kumsana, lina pansi pa mawondo, anabuula, n'kumunyamula. Miyendo yake inalendewera mpaka m'mawondo mwawo, nsapato zake zikugunda gauni yawo yoyera. Anakwera pasikelo mwapang'onopang'ono. Mwanayo anakoleka manja m'khosi mwawo, n'kubisa nkhope yotentha ija paphewa.

Singano inathamanga, inanjenjemera, inaima. Ndinawerenga, ndinachotsera, yankho ndinali nalo. Pakhomo panali patafika bambo wina ndi mwana wotsokomola, ndipo kumbuyo kwake kunali mayi wina. Kusukulu ndinamva belu la buleki likulira, kutanthauza kuti kalasi yanga inali itasanduka msika kalekale. Mitsempha ya m'khosi mwa achimwene inali itatupa, manja akunjenjemera ndi kulemera.

"Yaima, achimwene," ndinatero. "Ndawerenga. Mutha kumutsitsa."

Sanayang'ane n'komwe pansi.

"Sinaime bwino," anatero. "Dikirani pang'ono."